Lamulo la chamba linaiwala wodwala

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, musadabwe kuti lero ndikulemba za chamba. Sindinasinthe ayi. Mwana ndikam'peza akusuta kuseri kwa zimbudzi, nkhani ikathera kwa a hedi ngati kale. Anyamata amene fodya wamkuluyu anawasokoneza mutu ndawaona ndi maso angawa, ena mpaka kukagonekedwa ku St John of God konkuno ku Mzuzu.

Nkhani yanga ndi ina. Sabata yatha ndinakazonda mayi a mnyamata wina amene ndinam'phunzitsa Fomu 4. Akudwala khansa, usiku sagona ndi ululu. Pambali pa mphasa panali kabotolo ka mafuta obiriwira, kosalembedwa kalikonse. Mnyamatayo anagula kwa munthu wina pa WhatsApp, ati ndi mafuta a chamba. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiziwapatsa madontho angati?" Ine kukamwa yasa, kusowa choyankha.

Mu February 2020 aphungu anavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lololeza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Nkhaniyi anaiyambitsa ndi a Boniface Kadzamira mu 2015, anzawo n'kumawaseka. Chaka chomwecho cha 2020 tinamva kuti layisensi yolima chamba cha mankhwala ndi madola 10,000. Mu 2021 unduna wa zaulimi unafika popempha Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba chathu! Zokamba zonse zinali za ndalama zakunja ndi mbewu yolowa m'malo mwa fodya. Za Mmalawi wodwala ine sindinazimve.

Chonsecho gawo 30 la malamulo oyendetsera dziko lino limalamula boma kuonetsetsa kuti tonse tili ndi mwayi wofanana wopeza chithandizo cha zaumoyo. Sindikunena kuti chamba chimachiza chilichonse, zimenezo n'za ogulitsa. Ku America mankhwala a Epidiolex anavomerezedwa mu 2018 pa mitundu ina yovuta ya khunyu, koma atayesedwa bwinobwino ndipo mlingo wake ukudziwika. Ifenso unduna wa zaumoyo ndi bungwe la PMRA atiuze poyera: mankhwala ochokera ku chamba ololedwa ndi ati, ndi a matenda anji, alembe ndi dokotala uti, ndipo wosauka akawapeze kuti.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti atenge kabotoloko akakaonetse kwa dokotala, ndipo akafunse za morphine. Anandiyang'ana n'kunena kuti akuopa kumangidwa.