Khoma la dothi limene linapirira chivomerezi

Agogo anga aamuna akamamanga nyumba yomata sankachita chibwana pa mbariro. Ankati dothi palokha ndi lamantha, limafuna pogwira. Ndimawakumbukira ndikamva anthu akuderera makoma a dothi otchinga m'mbali mwa misewu ndi njanji, ati khoma lenileni ndi la konkire yokhayokha.

Luso la makoma amenewa analiyambitsa injiniya wa ku France, Henri Vidal, m'zaka za m'ma 1960. Omanga amathira dothi pang'ono, kulitsendera, kuyalapo tizitsulo topyapyala kapena ukonde wa pulasitiki, kuthiranso dothi, mpaka khoma litakwera. Ife odutsa timaona konkire ya kumaso, koma mbariro zake zili m'kati.

Pa 17 Januwale 1995 chivomerezi chinapha anthu oposa 6,000 ku Kobe, m'dziko la Japan. Makoma ambiri akale a miyala ndi konkire m'mbali mwa njanji anapendama, ena kugweratu. Pamalo otchedwa Tanata panali khoma la dothi ndi ukonde, lotalika pafupifupi mamita 6. Nyumba zoyang'anizana nalo zinaphwasuka. Khomalo linangosendera kutsogolo, pamwamba pake masentimita osakwana 30, nkukhalabe chilili. Ku Arifiye, m'dziko la Turkey, pa chivomerezi cha mu 1999 mlatho wina unagwa, koma makoma otere ogwira msewu wokwerera pamlathowo anatsala. Nthaka ikamagwedezeka, dothi ndi zitsulo zimayendera limodzi, pamene konkire youma gwa ikalephera kupirira imangothyoka.

Komatu musati ndikutsatsa malonda. Chaka chomwecho cha 1999 ku Taiwan makoma ena otere anagumuka pa chivomerezi, makamaka kumene ukonde anauyala motalikirana ndipo sunalumikizidwe bwino ndi mabuloko a kumaso. Agogo akanangoti mbariro zinachepa.

Apa ndi pamene pali nkhawa yanga. Khoma lotere likatha, palibe angawerenge zimene zakwiriridwa. Womanga wadyera atha kudumpha mizere iwiri ya ukonde, kuthira dothi lamatope, kunja nkuoneka bwinobwino.

Kuno kwathunso nthaka imagwedezeka. A ku Karonga sanaiwale Disembala wa 2009. Choncho pomanga misewu ya m'zitunda makoma amenewa tiwalandire. Koma inu oyendera ntchito, musamadikire tsiku lodula riboni. Fikani ukonde uli poyera, muwerenge mzere uliwonse dothi lisanathiridwe.