NCHITO YA PATALI: ZIMENE ZAPHUNZIRIDWA KU CHILUMBA

Masiku ano kwabuka mtundu wa nchito umene makolo sanaudziwe. Mnyamata akhala m'nyumba mwache ku Karonga, womuyang'anira ali ku Lilongwe, mwini nchito ali ku Nairobi kapena ku London, ndipo onsewa alemba pulogalamu imodzi ya kompyuta osaonana maso ndi maso ngakhale chaka chathunthu. Kuyambira 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa maofesi m'maiko ambiri, makampani a makompyuta akhala akutsutsana pa funso ili: kodi anthu osakhala pansi pa denga limodzi angakhale ndi mwambo umodzi wa nchito? Funsoli linafikanso ku Capital Hill, pakuti m'chaka chomwecho anchito a Boma anauzidwa kuti azibwera ku ofesi mosinthana, ndipo sukulu zinatsekedwa pa 23 March.

Wofuna yankho asathamangire ku America. Ayambe watsika phiri la Chiweta nafika ku Chilumba, m'mbali mwa nyanja, kumwera kwa boma la Karonga.

M'chaka cha 1979 bungwe la LEPRA, pamodzi ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, linayamba kumeneko kafukufuku wa nthenda ya khate. Dr. Jörg Pönnighaus anatsogolera nchito ku Chilumba, pamene Prof. Paul Fine anali ku London. Magulu a anchito anayenda nyumba ndi nyumba m'boma lonse la Karonga, kupima anthu ndi kulemba zimene apeza. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG, ndipo zotsatira zache zinasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 1996: katemera wachiwiri anachepetsa khate pafupifupi ndi theka, koma sanateteze anthu ku chifuwa chachikulu. Madokotala a dziko lonse lapansi anakhulupirira mau amenewa, ngakhale anachokera m'mapepala olembedwa pansi pa mitengo ya mango ndi anthu amene ambiri a iwo sanaponde ku London. Nchitoyo inadziwika pambuyo pache ndi dzina lakuti Karonga Prevention Study, ndipo tsopano ichedwa MEIRU, iri ndi nthambi inanso ku Lilongwe.

Nanga chinamanga pamodzi anthu otalikirana chotere nchiani? Si makina ai, pakuti m'zaka zoyambazo kunalibe intaneti, ndipo kalata inkatha masabata panjira. Chinawamanga ndicho mwambo wa kalembedwe. Munthu ali yense wopimidwa anapatsidwa nambala yache yosasinthika, kotero kuti mwana wolembedwa mu 1980 angapezedwenso m'mabuku atakula ndi kukwatira kumudzi kwina. Mafomu a pepala ankalowetsedwa m'kompyuta kawiri, kuti cholakwa cha dzanja limodzi chigwidwe ndi dzanja lina. Wina angati kuchita nchito imodzi kawiri nkutaya nthawi. Koma mlembi wodziwa kuti pepala lache lidzawerengedwa ndi munthu amene sangathe kudzamfunsa tanthauzo lache, alemba mosamala koposa mlembi wokhala moyandikana ndi bwana wache. Kampani ya GitLab, imene iribe ofesi yokhalamo anchito ache, inafika pa nzeru yomweyi zaka zambiri pambuyo pache: malamulo ache onse a kagwiridwe ka nchito analembedwa m'buku limodzi lalikulu loti ali yense aliwerenge pa intaneti.

Chachiwiri ndicho kukumana. Mu 2002 kunayambika kalembera wosalekeza wa anthu a m'midzi yozungulira Chilumba. Anthu osankhidwa m'midzimo anapatsidwa udindo wosunga mbiri ya kubadwa ndi imfa pa mabanja oyandikana nawo, ndipo mwezi ndi mwezi ankasonkhana ndi anchito a kafukufuku kudzapereka zimene alemba. Pamene mafomu a pepala anayamba kulowedwa m'malo ndi timakina ta m'manja m'zaka za m'ma 2010, kachitidwe kanafulumira, koma kanafulumira chifukwa anthuwo anali odziwana kale. Pamsonkhano wotere ndi pamene mkulu amva kuti mlatho wakokoloka, kuti njinga ya uje yathyoka, kuti kunyumba kwa uje kwagwa zobvuta. Zimenezi sizilowa m'fomu, komatu ndizo zifotokoza chifukwa chache fomuyo yachedwa.

Apa ndi pamene akulu a maofesi ayenera kudzifunsa. Alipo ambiri amene kwa iwo nchito ndiyo kusaina m'buku la pakhomo m'mawa ndi kuoneka pa mpando kufikira madzulo. Mkulu wotere akapatsidwa anchito a patali, asandutsa lamya kukhala chikwapu: atumiza uthenga wa WhatsApp usiku anthu atagona, nafuna yankho nthawi yomweyo, osafunsa ngati kumeneko magetsi alipo, kapena ngati ndalama yogulira intaneti yatuluka m'thumba la yani. Wanchito akaona kuti ayesedwa ndi kufulumira kwa yankho, osati ndi ubwino wa nchito, aphunzira kuyankha msanga ndi kugwira pang'ono. Ndipo choopsya china nchakuti wokhala kutali aiwalika. Ikafika nthawi ya kukwezedwa pa nchito kapena ya kutumizidwa ku maphunziro, maina okumbukika ndi a iwo opatsana moni ndi bwana pa khonde tsiku ndi tsiku. Achinyamata odziwa makompyuta sadikira nthawi yaitali. Akaona kuti aiwalika, kampani ya kunja iwalemba nchito ali m'nyumba momwemo, ndipo Boma litaya munthu amene linamphunzitsa ndi ndalama za msonkho.

Aphunzitsi sadzadabwa nazo izi, chifukwa iwo akhala anchito a patali chiyambire. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumapiri a Karonga aona mkulu wa maphunziro wa boma kamodzikamodzi, koma sukulu iyenda, pakuti pali ndondomeko ya maphunziro yolembedwa, pali kaundula wa ana, ndipo pali misonkhano ya pa TDC pamene mlangizi wa maphunziro akumana ndi aphunzitsi a m'dera lache. Kumene mlangizi asiya kuyendera sukulu nangodalira lamya, aphunzitsi adziwa okha mmene mtima wa nchito uzirira.

Njira ya mauthenga si yachilendo ku Karonga. Waya wa telegalafu wa Cecil Rhodes unafika kumeneko kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo m'zaka za m'ma 2010 chingwe cha intaneti chochokera ku Tanzania chinalowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Boma linachita bwino kuyala zingwe zotere kufikira m'maboma. Chotsala tsopano chiri m'manja mwa akulu a nthambi za Boma. Asanatumize munthu kukagwira nchito patali, alembe poyera chimene afuna kwa iye ndi tsiku lochiperekera; anene maola amene lamya ya nchito iyenera kukhala chete; alipire intaneti monga alipira mafuta a galimoto; ndipo pa ndalama zimene zimathera m'misonkhano ya ku mahotela a ku Salima ndi Mangochi, apatuleko zina zoti mkulu akwere basi, atsike Chiweta, akakhale tsiku limodzi pa desiki la wanchito wache ku Karonga.