Ku London ndi maola angati?

Tsiku lomwe msuweni wanga amapita ku UK kukayamba ntchito, azakhali anandifunsa tili pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi: "Iwe wasukuluwe, mwana wanga akafika nthawi yanji?"

Ndinatulutsa foni. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000. Ndege zikuluzikulu zimathamanga makilomita 850 kapena 900 pa ola. Ndinawerengetsa mwachangu n'kuyankha monyadira: "Maola 10 basi. Pofika pakati pa usiku akhala atakuimbirani."

12 koloko inakwana, zii. 2 koloko, zii. Azakhali anachezera pampando, foni ili m'manja, akundiimbira ine ola lililonse. Uthenga wa pa WhatsApp unabwera m'mawa, dzuwa litakwera kale.

Masamu anga anali bwinobwino, kungoti ndege ya maola 10 imeneyo kulibe. Palibe ndege yochoka ku Lilongwe n'kulunjika ku London. Umadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Msuweni wanga anadzera ku Addis: maola anayi m'mwamba, kenako kudikira maola angapo pabwalo la Bole, ndiyeno enanso pafupifupi 8 kukatera ku Heathrow. Ya ku Joni ndiye imaseketsa. Umayamba wabwerera kumwera maola awiri ndi theka, kenako n'kutembenukira kumpoto maola 11. Mtunda wonse umapitirira makilomita 10,000.

Chinanso chimene chimasokoneza ambiri ndi nthawi zolembedwa pa tikiti. Nthawi iliyonse imene mukuona pamenepo ndi ya kumalo komwe ndege ikunyamukira kapena kutera, osati ya kuno. Wotchi ya ku Addis ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Ya ku London imatsalira ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa October mpaka kumapeto kwa March, ndipo miyezi inayo imatsalira ndi ola limodzi. Ndiye tikiti ikati akatera 7 koloko m'mawa mu December, kuno ikhala 9. Onjezanipo mzere wa mapasipoti, kudikira zikwama ndi kusakasaka Wi-Fi, munthu asananene n'komwe kuti "ndafika".

Pogula tikiti, musamangoyang'ana mtengo. Onani mzere wosonyeza maola a ulendo wonse. Yotchipa nthawi zambiri imakugoneka pabenchi m'dziko la eni. Ndipo chenjerani ndi kugula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama: ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri n'kukusiyani, kampani ilibe nanu mlandu, mugula ina nokha. Pa tikiti imodzi, amakukwezani ndege yotsatira.

Msuweni wanga akuti abwera pa Khirisimasi. Azakhali anena kale kuti za maola afunsa wina.