ZA UMOYO M'BANJA: Bondo Likayamba Kukana Sijida

Ulendo uno tatsikira ku chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kukacheza ndi makolo athu amene akuvutika ndi mawondo ndiponso m'chiuno, matenda aja ambiri timangowatchula kuti nyamakazi. Kwa Msilamu vutoli limaonekera msanga pa Swala. Kuimirira kumatheka, ruku imatheka, koma ikafika nthawi ya sijida bondo limakana, ndipo munthu amayamba kuswali atakhala pampando.

Chipembedzo chathu sichikakamiza munthu kudzizunza. Swahaba wina, Imran bin Husain, atadwala anafunsa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) za m'mene angaswalire, ndipo analoledwa kuswali chokhala ngati kuimirira kwakanika, kapena chogonera m'mbali ngati kukhalanso kwakanika. Choncho mpando si tchimo. Chimene chimatidandaulitsa ife nchakuti ambiri akangoyamba mpando amaona ngati za bondo zathera pomwepo. Kumunda amasiya, kumsika amatuma adzukulu, tsiku lonse ali pamkeka pansi pa mtengo. Bondo lotere limauma msanga kuposa loyenda.

Chifukwa chake nachi. Kumapeto kwa mafupa amene amakumana pa bondo ndi m'chiuno kuli kachikuto koterera, konga kaja timakukuta kunsonga kwa fupa la nkhuku. Kachikutoka kalibe mitsempha ya magazi, kamadya kuchokera ku timadzi ta m'mfundomo, ndipo timadzito timazungulira bwino mwendo ukamapindika ndi kuongoka. Ndi ukalamba, kunenepa, kuvulala kwakale ndi ntchito zolemetsa, kachikutoka kamaperepeseka. Ntchito za kuchigwa nazo sizinyengerera bondo: kudula nzimbe ku Nchalo, kuthyola thonje, kunyonyomala pophika, kusenza ndowa kuchokera ku mjigo. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 oonjezera pa mawondo a mayi. Chimene chimathandiza bondo kunyamula katundu yenseyu ndi mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu. Munthu akasiya kuyenda mnofuwu umafota, bondo limatsala lokha, ululu nkukula.

Ntchito yaikulu ya mafizo ndiyo kubwezera mphamvu m'ntchafumo, ndipo zambiri sizilira makina kapena ndalama. Khalani pamkeka mutatambasula miyendo, pindani chitenje muike kunsi kwa bondo lopwetekalo, kenaka kanikizani bondo pachitenjepo mpaka ntchafu ilimbe. Werengani mpaka 5, masulani, bwerezani ka 10. Mukatero gonani chagada, mwendo wabwino mutaupinda, wodwalawo muukweze uli chiongokere kufika msinkhu wa bondo linzake, ndi kuutsitsa pang'onopang'ono. Muli chigonere chomwecho, kokerani chidendene cha ku matako ndi kuchibweza, kuti bondo lisaiwale kupindika. A vuto la m'chiuno apinde mawondo onse awiri, mapazi ali pansi, ndi kunyamula matako m'mwamba. Kenaka agonere mbali yabwino ndi kukweza mwendo wapamwamba.

Koma masewero amene ife timawakonda koposa ndi a mpando womwe uja. Khalani pampando wolimba, mapazi muwabweze m'mbuyo pang'ono, weramirani kutsogolo ndi kuimirira, kenaka khalaninso mosadzigwetsa. Masiku oyamba gwirizani ndi manja. Pakapita masabata angapo yesani manja ali pachifuwa, ndipo pambuyo pake sankhani mpando wofupikirapo. Mphamvu imene mukumanga pamenepa ndi yomweyo imene imadzutsa munthu pa sijida, pachimbudzi ndi pamphasa ya pamaliro. Nthawi yabwino ndi mukangotha Swala ya Fajr kusanatenthe, pakuti dzuwa la October ndi November ku Ngabu limapyola madigiri 40. Musayembekeze zodabwitsa pa Lachisanu loyamba. Kusintha kumaoneka pakatha masabata 6 mpaka 12 osadumphitsa. Kupweteka pang'ono pochita mafizo si koopsa ngati kwatha pofika mawa lake. Bondo likatupa kapena ululu ukagonera, chepetsani chiwerengero, koma musalekeretu.

Anthu a kuchigwa ali ndi mwayi umene anzawo a kumapiri a Thyolo alibe: dziko lafulati ndi njinga zambiri. Kupalasa njinga kumayendetsa bondo popanda kulisenzetsa thupi lonse. Kwezani chishalo kuti mwendo uzitsala pang'ono kuongoka phazi likafika pansi pa pedulo. Mabuku a kunja amalimbikitsanso mafizo a m'madzi, koma olembawo sadziwa ng'ona za mu Shire ndi likodzo la m'madambo athu. Zimenezo zisiyeni.

Ndodo si chinthu chochititsa manyazi, koma ambiri amaigwira molakwika. Igwireni ndi dzanja la mbali yabwino, osati yopwetekayo, ndipo iziponda pansi limodzi ndi mwendo wodwala. Bondo louma m'mawa lithoweni ndi kansalu ka madzi ofunda kwa mphindi 15 musanayambe mafizo. Lotupa mutayenda liikeni kansalu ka madzi ozizira. Ana a pakhomo akhomere agogo kampando kobowola pakati ka m'chimbudzi, ndi kampando kena kokwererapo pang'ono kopangirapo wudhu. Onenepa adziwe kuti kilogalamu imodzi ikachoka m'thupi, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu 4 pa phazi lililonse limene aponda.

Tinenepo za mapiritsi. Indocid ndi Brufen amaziziritsadi ululu, koma kumwa tsiku ndi tsiku kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa okalamba, a shuga ndi a BP. Choopsa chimakula m'mwezi wa Ramadhan, pamene thupi lakhala tsiku lonse m'chitungu chopanda madzi. Funsani kuchipatala musanawazolowere. Mphini nazo zimangotema khungu, sizifika pamene pali vuto, ndipo lezala lobwerekana limafalitsa matenda.

Si ululu wonse umene uli wa mafizo. Bondo lotupa mwadzidzidzi, lotentha, munthu akumvanso malungo, lipite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mafinya a m'mfundo amaononga m'masiku ochepa. Gogo amene wagwa nakanika kuponda, phazi litatembenukira kunja, angakhale atathyola fupa la m'chiuno. Musamukoke mwendo kapena kumutsina, munyamuleni. Ululu wa m'chiuno wobwera ndi kuonda ndi thukuta la usiku ukhoza kukhala TB ya mafupa. Mwana wotsimphina amene akuloza bondo amuyezenso m'chiuno, pakuti ululu wa m'chiuno umakonda kumvekera pa bondo.

Akatswiri a mafizo anali osowa kwambiri m'dziko muno mpaka sukulu ya College of Medicine ku Blantyre itayamba kuwaphunzitsa m'chaka cha 2010. Yambirani pachipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje, kapena ku St Montfort ku Nchalo ndi ku Trinity ku Muona, mufunse za mafizo. Zikavuta adzakulemberani kalata ya ku Queens, kumene pafupi pake palinso Kachere Rehabilitation Centre. Popita tengani bukhu lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa. Za kaswalidwe ka munthu amene angathe kuimirira koma osatha sijida, kambiranani ndi a Shehe a pamzikiti panu, pakuti ambiri safunika kukhala pampando Swala yonse.

M'kope likudzali, Insha Allah, tidzakamba za msana.