Dzina la pa intaneti si bwato logulitsa padooko

Ku Chembe m'boma la Mangochi, mabanja ambiri amadalira alendo odzaona Lake Malawi National Park, malo omwe UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 1984. Alendowa amasungitsa zipinda kudzera pa intaneti. Nchifukwa chake tikufunsa: malo ogona alendo akagulitsidwa, dzina lawo lothera ndi .mw limakhala la yani?

Dzinali siligulidwa kotheratu. Munthu amalilembetsa n'kumalipira nyengo ikakwana, ndipo mwini wake ndi amene walembedwa m'kaundula. Ntchito yosunga kaundulayu inaperekedwa ku Malawi SDNP mu 2002, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 linapatsa MACRA mphamvu pa nkhani ya mainawa.

Choncho kugwirana chanza sikokwanira. Wogulitsa akapanda kuvomereza kuti kaundula asinthidwe, wogula atenga nyumba ndi mabwato, koma makalata a alendo azipitabe kwa mwini wakale. Pena dzina limalembetsedwa ndi katswiri wa kompyuta yemwe analembedwa ganyu chabe. Zikasokonekera, oyamba kugona ndi njala ndi ophika, ochapa ndi asodzi ogulitsa chambo.

Ife tikuti ogula aziona kaundula asanapereke ndalama, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo Mkhristu wokakamira dzina la bizinesi yomwe anagulitsa kale akumbukire kuti lamulo loletsa kuba limafikanso pa intaneti.