Ngodya ya Atsikana: Baji Isokedwe Ntchito Itaoneka

Makolo ambiri a kuno kunyanja, mwana wawo wamkazi akalowa gulu la Girl Guides, amafunsa kuti tinsalu tating'onoting'ono timene amasokerera pa yunifolomu tija n'tachiyani. Timeneto ndiwo mabaji, ndipo sagulidwa pa okala ngati maswiti. Mtsikana amaphunzira luso, naligwiritsa ntchito, nayesedwa ndi mtsogoleri wa gulu kapena munthu wodziwa, kenaka ndiye amapatsidwa baji. Mwambowu ngwakalekale. Gululi linayamba ku Britain mu 1910, pamene Robert Baden-Powell anapempha mlongo wake Agnes kuti atsogolere atsikana, ndipo kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa Malawi Girl Guides Association.

Ife tikuti anamwali athu posankha ntchito ya baji ayambe ayang'ana chimene chikusautsa mudzi wawo. Kwa ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, chimenecho ndi madzi. Nyanja yomwe imatipatsa usipa ndi utaka ndiyonso imatipatsa matenda. Mliri wa kolera umene unabuka mu Malichi 2022 unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi ndi Salima anali m'gulu la maboma amene analira maliro ambiri.

Tsono ntchito yoyamba ikhale mpondagiya. Zofunika ndi kachigubu ka malita 5, msomali, chingwe, mitengo iwiri ya mphanda, wina wopingasa ndi wina wopondapo. Mutenthe msomaliwo pamoto, muboole kachigubuko chakumtunda, mukapachike pa mtengo wopingasa, ndipo chingwe chichokere kukamwa kwa kachigubu kufika pa mtengo wopondapo. Mukaponda, madzi amatuluka dzanja lisanakhudze chilichonse. Sopo amangidwe pa chingwe pambali pake, akasowa phulusa limathandiza, ndipo pansi muthirepo timiyala kuti pasachite matope. Mpondagiya mmodzi womangidwa tsiku la chionetsero pa sukulu sakwanira baji ayi. Kagulu ka atsikana 6 kapena 8 kasankhe mabanja khumi, kamange pakhomo la chimbudzi chilichonse, ndipo pakatha mwezi kabwerere ndi kope kukalemba kuti ndi angati ali ndi madzi ndi sopo. Ulendo wachiwiriwo ndiwo mayeso enieni, popeza tonse taonapo zigubu zouma gwa zikungolendewera padzuwa.

Yotsagana nayo ndiyo kusakaniza madzi a mchere ndi shuga. Paketi imodzi ya Thanzi ORS imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Paketi ikasowa, mu lita imodziyo muthire masipuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi la mchere, osasefukira. Mchere ukachuluka umavulaza mwana, choncho woyesa aonetsetse muyezo ndi maso ake, asangomva za pakamwa. Madziwo akatha tsiku lathunthu atayidwe. Mtsikana adziwenso kuti amenewa ndi omwetsa wodwala panjira yopita kuchipatala. Si chifukwa chokhalira naye pakhomo. Amene waphunzitsa amayi asanu oyandikana nawo, ameneyo wayenera baji.

Kwa atsikana okulirapo tikusankhirani likodzo. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka m'mabango, ndipo timalowa pakhungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kutsuka mbale. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira amabwereranso kwa nkhono, basi matenda n'kumazungulira mudzi. Anthu amati ndi nthenda ya anyamata osambira, ena mpaka kumati mkodzo wa magazi ndi chizindikiro cha kukula, chikhalirecho amene amakhalitsa m'madzi ndi mbale ndi zovala ndi atsikana. Kwa iwo likodzo limatha kufika ku ziwalo za uchembere n'kubweretsa ululu ndi zilonda zimene anthu amaziyesa matenda opatsirana pogonana. Mwana wosalakwa amanenedwa zoipa, iye n'kungobisa. Kagulu kajambule mapu a gombe la kwawo, kasonyeze madooko a mabango ndi pamene pali mjigo, kenaka kaitane mlangizi wa zaumoyo adzalankhule ndi amayi. Mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa kuchipatala ndi m'masukulu. Madzi osamba otungidwa kunyanja akakhala mu ndowa masiku awiri tizilomboto timafa, koma akumwa awiritsidwe ndithu.

Ziliponso zina zosavuta: kusoka masikito ong'ambika kuti abwerere pa mphasa m'malo mokakokera usipa, kuumba chitetezo mbaula kuti nkhuni zichepe, kapena kukonza thandala lokwera bwino kuti nsomba ziume zopanda mchenga. Za kuvina ndi kuguba sitinenapo, pakuti zimenezo atsikana safuna wowakumbutsa.

Kwa inu atsogoleri, ikani misonkhano pa nthawi yosawombana ndi sukulu kapena madrasa, ndipo atsikana aziyenda awiriawiri, mfumu ndi makolo atadziwitsidwa, n'kufika kunyumba Maghrib isanakwane. Funsani ku bungwe lanu kuti ntchito iliyonse ikugwa pansi pa baji iti musanayambe, kuti ana asagwire miyezi iwiri n'kudzauzidwa kuti siiwerengedwa. Kwa inu amayi ndi abambo, pempho lathu ndi laling'ono: kachigubu kakale ka mafuta ophikira, chingwe, ndi kulola kuti mpondagiya woyamba amangidwe pakhomo panu mvula isanagwe.