Setifiketi Yokha Sidyetsa Munthu

Anzanga, ambiri a ife tikafunsidwa chimene tidzachite tikalemba mayeso a MSCE timayankha msanga kuti, "Ndidzapita ku koleji." Koma wina akafunsa za pambuyo pa kolejiyo timangoti kakasi, monga ngati ntchito idzatichingamira pa chipata.

Achimwene anga atatsiriza koleji kwathu tinapha mbuzi. Koma anakhala zaka ziwiri alikulemba makalata ofunsira ntchito, ndipo kulikonse funso linali limodzi: "Kodi munagwirapo kuti?" Ndalama zimene amayi anapeza pogulitsa kachewere pa msika wa Lizulu zinathera m'maulendo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Chimene chinawaombola ndi luso lokonza njinga zamoto limene anaphunzira kwa amalume, lomwe poyamba ankachita nalo manyazi.

Tisanyengedwe ndi nkhani zakale. Pamene Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965 ophunzira anali owerengeka, ndipo boma latsopano linali kusowa aphunzitsi ndi makalaliki. Lero mayunivesite a boma okha alipo 6, osawerengera ena a mipingo ndi a anthu, ndipo chaka ndi chaka amatulutsa khamu la ofuna ntchito. Maofesi sanachuluke chomwecho ai.

Kapena wina adzati, "Nanga tikuvutikiranji ndi mabuku?" Sindikunyoza maphunziro. Mlimi wa kabichi wa ku Tsangano wodziwa masamu sanyengedwa ndi ogula a pa mseu wa M1. Ndikungoti mabuku ayende pamodzi ndi manja.

Chifukwa chake pa tchuthi tisamangoyendayenda pa Boma. Tipemphe kuthandiza kalipentala, telala kapena mwini golosale, ngakhale popanda malipiro, kuti tidziwe kusunga nthawi, kulemba za ndalama ndi kulankhula ndi anthu mwaulemu. Tifunsenso za maphunziro aluso a TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndi za makoleji monga Namitete ndi Nasawa. Inunso aphunzitsi athu, chonde tiphunzitseni kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito tisanachoke pano.

Akulu anati mmera mpoyamba. Ine tchuthi chikudzachi ndikakhala kwa amalume, sipanala ili m'manja. Nanga inu anzanga mukakhala kuti?

Wophunzira wa Folomu 4